Giranada za a Kachingwe

Katoni ija ndinaimanga ndekha, ndipo mawu amene anatsala pang'ono kutigonetsa kupolisi ndinawalembanso ndekha, ndi cholembera chakuda chosafufutika. Ndikunena izi poyambirira kuti pasapezeke munthu wina wonamiziridwa.

Ntchito yanga ndi yocheka miyala. Pa koleji yomwe ndimagwira, aphunzitsi ndi ophunzira a za miyala amabwera ndi miyala yawo kuchokera kumapiri, ine n'kuicheka ndi makina mpaka kachidutswa kapyapyale moti kuwala n'kumadutsa, iwo n'kukayang'ana pa galasi lokuzira zinthu. Anandiphunzitsa ndi a Dokotala Kachingwe, amene ananditola ndili wosesa m'makalasi. Malamulo awo anali awiri basi. Loyamba, nambala ilembedwe pa mwala penipenipo ndi pa thumba lake lomwe. Lachiwiri, mwala usanautchule dzina uyambe waunyambita, chifukwa mwala wouma umabisa nkhope.

Chakumalire a Neno kunali kaphiri kena kopanda dzina pa mapu. Pakati pake panadutsa mwala wobiriwira modera, wolemera modabwitsa, wa madonthomadontho ofiira a ganeti. A Kachingwe ankakhulupirira kuti mwala umenewu unakankhidwira pansi penipeni pa dziko nthawi imene zigawo ziwiri za nthaka zinagundana, unaphikidwa ndi kupsinjidwa kumeneko, kenako n'kubwereranso pamwamba. Anzawo ankangowaseka kuti atero a Kachingwe ndi kaphiri kawo. Ine ndi iwo tinakatolako miyala khumi ndi iwiri, kuyambira mbali ino mpaka mbali inayo. Wa nambala 7 unali wa pakatikati, pamene panalibe chosokoneza. Wa nambala 8 unali pataliko pang'ono, pamene madzi otentha analowa pambuyo pake n'kusintha zinthu m'kati. Patangopita zaka ziwiri, omanga msewu anakagumula kaphiri konse n'kukapera miyala yothira pansi pa phula. Chaka chotsatira a Kachingwe anagwa ndi sitiroko, mbali yakumanja n'kufa, lilime n'kulemera.

Ndiye miyala khumi ndi iwiri ija ndi yokhayo imene inatsala pa dziko lapansi. Makina oyezera zaka za miyala kwathu kuno kulibe. Koma mnzawo wina wa ku Tete, Dona Ameliya, anali atapatsidwa masiku ochepa pa makina otere ku Joni, ndipo anavomera kuti atenge ndi yathu yomwe. Ndege yawo inali ya Lachisanu m'mawa. Makalata ololeza kutulutsa miyala anatuluka Lachitatu. Ine ndinatsala ndi Lachinayi lokha.

Lachitatu lomwelo ndinaona kuti miyalayo yalemera kwambiri, ndiye ndinayatsa makina kuti ndichepetse, kuchotsa makoko akunja owola ndi mvula. A Kachingwe anabwera ndi mayi a kunyumba, anawakhazika pampando pafupi ndi ine. Ndili m'kati mocheka ndinazindikira kuti manambala akupita ndi makokowo. Ndinati palibe kanthu, ndilembanso ikauma, ndipo uliwonse ndinkauponya m'thumba lake lapulasitiki la nambala. Adokotala anali akufufuza m'ndowa ya zinyalala ndi dzanja lamanzere, mayi n'kumadandaula kuti majekete onse kunyumba ndi obooka matumba. Anayesa kundiuza kanthu, koma makina anali akulira, mawu awonso osamveka. Ndinangoti, “Inde bwana,” monga timachitira ndi odwala. Ndinawamvera chisoni, kunena zoona, kuona munthu wophunzira chotero akuseweretsa zinyalala. Miyala ija sinaume msanga, magetsi anazima, ine n'kuiwala zolembanso manambala.

Pomanga katoni ndinafuna kuchita zaulemu, kuti anthu a ku Mozambiki asavutike kufunsa. Ndinafufuza pa foni kuti ganeti m'Chipwitikizi amati chiyani, ndinapeza, ndinafufuzanso mawu oti samalani. Ndinalemba zilembo zikuluzikulu mbali zonse ziwiri: CUIDADO, GRANADA. Kenako ndinaikulunga m'saka poopa mvula. Nambala ya foni ya Dona Ameliya ndinali nayo, koma kufunsa ayi. Safunsa anadya phula.

Ndinakwera minibasi ya ku Mwanza pa Wenela dzuwa litangotuluka. Kondakitala ananyamula katoniyo n'kuitula msanga.

“Akulu, mwaikamo miyala kapena?”

“Eya, miyala.”

Anaseka, akuganiza kuti ndikucheza, koma katoniyo anailipiritsa ngati munthu. Sindinakangane naye. Inakhala pampando pambali panga, ine dzanja lili pamwamba pake ngati ndikuperekeza mkwatibwi.

Pa Lunzu tinaima kudikira anthu awiri oti adzaze mpando wakumbuyo. Pa Lirangwe tinaimanso chifukwa wina anaiwala chenje kwa wogulitsa mandasi. Tinawoloka Shire pa Zalewa, n'kukhotera kumanzere, msewu n'kuyamba kukwera. Penapake chakumanja mapiri a Neno ankaoneka mwa chizimezime, ndipo ndinadzifunsa ngati phula lomwe tinkapondalo linalibe zidutswa za kaphiri kathu pansi pake. Mwina nambala 7 ina, yabwino kuposa yanga, inali pansi pa matayala athu. Maganizo amenewo anandiwawa, ndipo ndinasiya kuyang'ana kunja.

Pachipata cha Mwanza zinthu zinayenda bwino. Anawerenga kalata, anagwedeza katoni, anandiyang'ana ngati munthu wosokonekera pang'ono, n'kudinda. Pakati pa Mwanza ndi Zobwe pali kamtunda koti munthu sali ku Malawi komanso sanafike ku Mozambiki, ndipo kameneko ndinakadutsa pa njinga yamoto, katoni ili pamiyendo, miyendo itachita dzanzi. Ku Zobwe ndinaonetsa kalata ya Dona Ameliya ya m'Chipwitikizi, nayonso inagwira ntchito. Saka silinamasulidwe. Ndinasintha tindalama tanga kukhala metikali, ndinakwera shapa, momwe amatchulira minibasi kumeneko, ndipo ndinaganiza kuti zovuta zatha.

Shapa sinyamuka isanadzaze, ndipo kudzaza kwake si kwa kwathu kuno. Tinakhala maola awiri. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso pomwepo, kuti odutsa aziona ngati tikunyamuka. Katoni yanga anakana kuti ikhale pampando, anaiika kumbuyo pamwamba pa tayala lapadera, pansi pa matumba a mbatata. Kutentha kunali kutayamba kale, kwa ku Tete kuja koti thukuta limauma lisanafike pachibwano.

Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa bwino, wa mpango wachikasu, atanyamula dengu la tomato pamiyendo. Anati dzina lawo ndi a Rozita, amakhala ku Matundo, amagula masamba ku Zobwe n'kukagulitsa mumzinda. Chichewa chawo chinali chathu chenicheni, cha ku Mwanza, koma manambala ndi maola ankatchula m'Chipwitikizi.

“Ndinakulira kwanu komweko,” anatero. “Tinathawa nkhondo ndili kamtsikana, tinabwerera mtendere utabwera. Inu mukukatani ku Tete, bambo? Zamalasha?”

“Ayi mayi, ndikuperekeza miyala. Ikukayezedwa zaka.”

“Zaka za mwala? Mwala umabadwa?”

Anthu a mpando wakutsogolo anatembenuka. Ine sindine mphunzitsi, koma nkhani imeneyi ndinaimva kwa a Kachingwe kambirimbiri moti ndimatha kuinena ngakhale nditadzuka kumene. Ndinawauza kuti m'kati mwa miyala imeneyi muli timiyala tina tating'onoting'ono, tochepa kuposa kanjere ka mchere, totchedwa zekoni. Kamwala kameneka pokula kamameza chitsulo china chotchedwa yureniyamu, ndipo yureniyamuyo imasanduka mtovu pang'onopang'ono, pa liwiro limene akatswiri amalidziwa. Ndiye ukayeza kuti yureniyamu yatsala yochuluka bwanji ndipo mtovu wapangika wochuluka bwanji, wadziwa kuti kamwalako kanakula liti.

“Basi? Ndiye n'zosavuta,” anatero a Rozita.

“Vuto lilipo. Kazekoni sikakula kamodzi. Kamakula, kuima, patapita zaka zosawerengeka n'kukulanso chikamba china pamwamba, ngati anyezi. Chikamba chilichonse chili ndi zaka zake. Ife tikufuna chikamba chimene chinakula mwalawo uli pansi penipeni. Nanga tichidziwa bwanji?”

“Mundifunsa ine wa tomato?”

Ndinawauza za ganeti, timadontho tofiira tija, kuti timakula mwala ukapsinjidwa kwambiri, ndipo ndi tadyera. Mumwala mumakhala tizitsulo tina tosowa, tochepetsetsa moti diso silingaone, ndipo ganeti akamakula amatimeza pafupifupi tonse. Ndiye chikamba cha zekoni chimene chinakula nthawi imodzi ndi ganeti chimapezeka choperewera tizitsulo timeneto. Makina akachipeza choperewera, ndiye kuti ndi chomwecho, zaka zake ndizo tikufuna.

A Rozita anakonza tomato wawo m'dengu.

“Ndiye mumamudziwa mwana amene ankadya mbale imodzi ndi wadyera poona kuwonda kwake.”

“Ndi momwemo ndithu, mayi.”

“Zimenezo ndiye ndikuzidziwa,” anatero, osaseka.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Msewu unatsika m'mapiri n'kulowa m'dziko la malambe ndi mbuzi. Titangopitirira Musakama, pomwe msewu wa ku Angoniya umapatukira, tayala lakumbuyo linaphulika. Tonse tinatsika. Kuti atulutse tayala lapadera anayenera kutsitsa mbatata ndi katoni yanga, ndipo pokoka saka lija linakodwa pa chitsulo n'kung'ambika lonse. Kondakitala analiponya m'tchire. Jeke anali wobwereka kwa shapa ina imene tinaidikira pafupifupi ola. Pokwezanso katundu, katoni inakhala pamwamba, zilembo zake zikuyang'ana pa galasi lakumbuyo. Ine ndinaona ndipo ndinakondwera, ndikuti tsopano azisamala nayo.

Tisanafike ku Moatize panali chipata cha apolisi, migolo iwiri ndi chingwe. Wapolisi wachinyamata anazungulira galimoto mwaulesi, anafika kumbuyo, n'kuima. Kenako anabwerera chambuyo, osatembenuka, akukuwa mawu amene sindinawamve. Anzake anadzuka pamthunzi, mfuti zili m'manja. Chitseko chinatsegulidwa, anthu n'kumatuluka mopondana, mayi wina kusiya nsapato imodzi, onse kuthamangira kutsidya la msewu. Ine ndinatsala nditaima pakhomo la shapa, kukamwa kuli yasa.

A Rozita anabwerera n'kundikoka malaya.

“Bambo, katoni ija ndi yanu? Mwalembapo chiyani?”

“Ganeti. Timiyala tofiira tija ndimakuuzani.”

“Mayo ine! Giranada kuno ndi bomba! Bomba loponya ndi manja! Mwalemba kuti samalani, muli mabomba!”

Pambuyo pake ndinadzamva kuti mawuwo ndi amodzi ndithu, mwala ndi bomba lomwe, foni sinaname. Kungoti foni sinakhalepo m'dziko limene anthu amakumbukira kulira kwa chinthucho.

Mkulu wa apolisiwo, amene onse ankamutchula kuti shefi, anali bambo wa imvi, wodekha. Anawerenga kalata ya Dona Ameliya kawiri. A Rozita anaima pakati pathu n'kumamasulira, akusakaniza Chipwitikizi ndi Chinyungwe, ndipo ndikukhulupirira kuti anawonjezamo zawo, chifukwa ine ndikanena mawu atatu iwo ankanena makumi awiri.

“Akuti kalata aiona,” anandiuza, “koma kalata siphulika. Akuti mutsitse nokha katoniyo, mupite nayo apo poyera, mutulutse chilichonse iwo akuona.”

Sindingawadzudzule. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Ndinanyamula katoni kupita nayo m'mbali mwa msewu, ndinagwada, ndinayamba kutulutsa. Mutu unkagwirabe ntchito: mwala uliwonse ndinkautulutsa n'kuusanjika pamwamba pa thumba lake. Nditamaliza, shefi ananena kanthu.

“Akuti matumbawo muwakutumule, aone kuti mulibe kanthu.”

Ndinasolola matumba onse, ndikuloweza mumtima mzere wake, ndinawakweza m'mwamba, ndinawakutumula. Nthawi yomweyo galimoto yaikulu ya malasha inadutsa. Chimphepo chake chinanditsomphola matumba m'manja, fumbi lakuda n'kundidzaza m'maso, ndipo pothamangira matumbawo ndinapunthwa pa miyala yanga yomwe n'kuimwaza. Nditatsegula maso, matumba anali pa minga uko, miyala ili mbwee pa dothi.

Shefi anabwera, anatola mwala umodzi, anautembenuza, anaugogoda ndi chikhadabo. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene mantha angomuchoka. Anzake nawonso anaseka, ndi apaulendo omwe. Anandipatsa cholembera chake kuti ndifufute mawu aja, ndipo anaimirira pomwepo mpaka nditafufuta chilembo chomaliza. Aliyense anali wokondwa kupatula ine. Mwala wopanda nambala ndi mwala wa mumsewu basi. Ungauyeze zaka bwinobwino, koma ngati sukudziwa pamene unachokera, wayeza zaka za chiyani?

Ndinapempha dalaivala mphindi zochepa. Ndinakhala pansi, ndinayala matumba, ndinatola mwala woyamba, n'kuunyambita.

“Aa! Akudya!” anakuwa wina.

“Njala yawapweteka a Malawi,” anatero kondakitala.

Ndinawasiya aseke. Malovu akanyowetsa mwala, mitundu yake imadzuka. Nambala 1 ndi 12 inali yotuwa, ya m'mphepete, wina wa mzere woyera. Nambala 4 inali ndi ganeti wamkulu wosweka. Nambala 10 ndi imene inandilumitsa chala pa makina. Miyala imeneyi ndinaitola ndekha, ndinaisunga zaka zonsezi, ndinaicheka dzulo lake, ndiye manja ankaidziwa. Khumi inabwerera m'matumba ake popanda chikayiko. Inatsala iwiri, ndi matumba awiri, 7 ndi 8. Ndinanyambita uwu, ndinanyambita uwo, mpaka lilime linachita mchenga. Kusiyana kwake kunali pa makoko amene ndinawacheka aja. M'kati, poyang'ana ndi maso, inali mapasa.

Dalaivala analiza hutala. Ndinatenga umene unkaoneka wobiriwirako pang'ono, ndinauika mu 7, winawo mu 8, n'kukwera.

Tinadutsa Moatize. Mumtima ndinali ndikudzitonthoza kuti mwina ndalondola, mwayi ndi theka. Ndipo ngakhale nditalakwa, adzadziwa ndani? Kaphiri kanapita. A Kachingwe sangathe n'komwe kugwira mwala ndi manja awiri. Dona Ameliya sanaionepo. Koma ndinkadziwanso kuti nditalakwa, zaka za madzi otentha aja zidzalembedwa ngati zaka za pansi penipeni, pansi pa dzina la a Kachingwe, ndipo bodzalo lidzakhala m'mabuku iwo atapita.

“Iwiri ija munaidziwa?” anafunsa a Rozita. Anali ataona zonse.

“Ndangoyerekeza.”

“Mukawauza kuti mwangoyerekeza?”

Iwo anayang'ana kunja kanthawi, kenako anayamba kulankhula motsitsa, ngati akulankhula ndi tomato wawo.

“Titafika kumsasa wa othawa nkhondo, mayi anali akudwala, mapepala tinawasiya m'nyumba ikupsa. Mlembi anatiimika ine ndi mng'ono wanga Luwiza, wondiponda pamutu. Luwiza anali wamtali, ine kamfupi. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo. Mlembiyo anangotiyang'ana, ine anandilemba novi, Luwiza deji. Zaka naini ndi teni, mwa kwanu. Sanali munthu woipa, anangotopa. Pobwerera kuno anakopera zomwezo pa chitupa. Tinkaseka, Luwiza n'kumandituma madzi ati ndine wamkulu. Chaka chatha anamwalira. Ana ake anatenga chitupa n'kukalembetsa pa mtanda. Ndikapita kumanda ndimapeza mtanda ukundiuza kuti mwana amene ndinamusiyira bere ndi mkulu wanga.”

Anapukuta thukuta ndi nsonga ya mpango.

“Mlembi uja akanangolemba kuti sindikudziwa, bwenzi wina atafunsa mayi atachira. Koma analemba nambala, ndipo nambala palibe amaifunsa.”

Tinawoloka Revubwe, tinalowa m'Matundo dzuwa litapendeka. A Rozita anatsika pamsika, ndinawathandiza kusenza dengu. Anandipatsa tomato awiri ati ndichotsere mchenga m'kamwa. Shapa inakwera mlatho wa pa Zambezi mwapang'onopang'ono, pakati pa njinga ndi anthu oweruka kuntchito. Mtsinjewo ndi waukulu, anthu amaujambula, koma ine ndinali ndikusaka cholembera m'thumba. Pa matumba awiri aja ndinalemba chimodzimodzi: 7 kapena 8.

Dona Ameliya amakhala kudera la Samora Machel, m'nyumba ya mpanda wa buluu. Ndi mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, wochokera ku Angoniya, ndipo Chinyanja chawo n'chofewa. Anaona katoni yofufutidwafufutidwa ija, ndinawafotokozera, anaseka mpaka kugwira khoma. Koma ataona matumba awiri aja kuseka kunatha.

“Sinyoro Lameki, mukudziwa tanthauzo la zimenezi?”

“Ndikudziwa.”

“Ndikhoza kuyeza yonse iwiri. Mwina tizitsulo tija tidzatiuza, mwina ayi. Koma pa pepala ndidzalemba kuti malo ake sakudziwika bwino, ndipo amene ankawaseka adokotala adzagwira pomwepo. Seti, nambala 7 uja, ndiye unali mutu wa nkhani yonse.”

“Lembani choncho,” ndinatero.

“Muwauze nokha. Si ine.”

Ndinatuluka pakhonde. Kunja kunali kukadali kowala, mpweya wotentha ngati wa mu uvuni. Ndinaimba. Anayankha ndi mayi Kachingwe, ndinapempha kuti aike foni pakhutu la adokotala. Ndinanena zonse mosadumpha: kuti ndinacheka manambala, kuti sindinalembenso, za giranada, za chimphepo, za 7 ndi 8. Ndinati, “Bwana, lamulo lanu loyamba lija ndaliphwanya. Ndakuwonongerani ntchito ya moyo wanu wonse.” Ndinali ndikulira, sindibisa.

Kenako ndinamva mawu awo olemera aja, akulimbana ndi lilime. Ananena kawiri, ine osamva. Ulendo uno sindinati inde bwana.

“Sindinamve, bwana. Nenaninso.”

“Je... ke... te.”

Mayi analanda foni. “A Lameki, akuti jekete. Dikirani.” Ndinamva mapazi, chitseko cha kabati, kenako kugogoda kwa zinthu zolimba pa tebulo. “Ndi zinyalala anatola kuntchito kwanu dzulo zija. Ndimafuna kutaya, anandikaniza mpaka kukwiya. Zili khumi ndi ziwiri. Chilichonse chili ndi nambala ya penti yoyera.”

Ndinakhala pansi pa simenti yotentha. Dzulo lija, ine ndikuwamvera chisoni, iwo anali ataona manambala akugwera m'ndowa, anayesa kundiuza, ine n'kuwayankha ngati mwana. Ndiye anangoyamba kutola ndi dzanja limodzi lomwe linawatsalira.

Makina akacheka mwala amadula ndi ganeti yemwe pakati, theka n'kutsala uku, theka uko. Mayi Kachingwe ananyowetsa makoko a 7 ndi 8, anajambula mbali zochekedwazo, n'kutumiza pa foni. Ine ndi Dona Ameliya tinaika miyala iwiri ija pa tebulo, tinaipaka madzi, n'kuyamba kufananiza madontho. Pa khoko la 7 panali aganeti atatu ondondozana ndi kamodzi kakang'ono pambali. Tinawapeza, otembenuka ngati pa kalilole, pa mwala umene ine ndinauika m'thumba la 8.

Dona Ameliya anandipatsa kabotolo ka penti yoyera ndi kaburashi. Ndinapukuta mwalawo ndi malaya anga, ndinadikira kuti uume ndithu, ndinalembapo 7, kenako ndinaimbanso foni. Mayi anati adokotala akumvetsera.

“Bwana, tayipeza. Ndinali nditasemphanitsa.”

Anapuma kwa nthawi yaitali, ndipo ndinadikira osawathandiza mawu.

“Wa... lemba... pa mwala?”

“Ndalemba, bwana. Pa mwala ndi pa thumba pomwe.”